Besi ya a Zgambo Pampanda wa Khonje

Mwezi uno wa Juni chakwana chaka chiwaikireni m'manda a Zgambo, ndipo nkhungu yabweranso monga imabwerera kuno kummwera kwa Mzimba, kukwawa kuchokera kudambo mpaka kubisa mitengo ya bulugamu ya kuseri kwa sukulu. Anthu ena akamwalira umawakumbuka masana, uli pakati pa ntchito. A Zgambo ine ndimawakumbuka m'mawa, chifukwa zaka zonse zimene ndinawadziwa ndinkawaona nthawi imeneyo, ataonekera theka lokha: chipewa ndi mapewa a jekete yakuda, miyendo ili m'nkhungu.

Ine kwathu ndi ku Dedza. Boma linanditumiza kudzaphunzitsa pasukulu ina ya pulayimale kufupi ndi Embangweni zipani zambiri zitangoyamba kumene, masiku aja munthu ukangotsegula pakamwa pamsika anthu ankadziwa kale amene unamuvotera, ngakhale usanavote n'komwe. Kwathu ndine Naphiri. Kuno sabata yoyamba yomwe anandisandutsa aNyaphiri, ndipo dzinalo linandikhala.

Tsiku langa loyamba pa asembule, ana atandanda m'mizere, mbendera itakwera, nyimbo ya fuko itangoyamba, ndinamva chinthu chikubuula chapansipansi. Ndinayesa ndi lole ya matabwa a ku Chikangawa ikukwera chitunda patali. Koma lole sitsatira nyimbo. Nditatembenuka ndinaona mkulu wamtali ataima pamene mpanda wa khonje unasiya mpata, chipewa atachigwira pamtima, msana uli chilili, milomo yotseka. Besi yonse, liwu lapansi lija la nyimbo, inkatulukira m'mphuno ndi m'chifuwa, yopanda liwu limodzi. Nyimbo itatha anavala chipewa n'kulowanso m'nkhungu. Mphunzitsi mnzanga anandinong'oneza kuti ndisadabwe, amenewo ndi a Zgambo, aphunzitsi opuma, ndipo m'mawa uliwonse wa sukulu ndidzawaona pomwepo.

Anali munthu wovuta, ndisawanamizire chifukwa choti anagona. Ankakhala okha m'nyumba ya njerwa kuseri kwa tchalitchi, ndi nkhunda zawo, chakudya chikuchokera kwa alongo awo. M'thumba la jekete ankasungamo kachitsulo ka mano awiri kamene oyimbitsa kwaya amakamenya pabondo n'kukaika kukhutu kuti apeze poyambira nyimbo. Iwo ankakamenya paliponse, ngakhale pamaliro, ndipo amayi akayambitsa nyimbo mokwera kwambiri ankangopukusa mutu ngati aona ng'ombe m'munda wa mwini. Ana akathamangitsa nyimbo ya fuko kuti akalowe msanga m'kalasi kuthawa kuzizira, tsiku limenelo a Zgambo ankadutsa pampata paja n'kuwauza kuti, "Pachokopachoko, ŵana imwe." Ankati nyimbo si mbuzi yoti uithamangitsire m'khola.

Nkhondo yawo yaikulu inali ya belu. Belu lathu linali limu yakale ya lole, yopachika pamtengo wa msuku. Ahedi athu nthawi imeneyo anali a Kamwendo, a ku Mulanje, munthu wabwino koma wosafuna kusiya tiyi wake pakati. Belu likachedwa pang'ono pokha, a Zgambo ankayamba kutsokomola kuseri kwa khonje, chifuwa chopanda matenda. Likachedwabe ankafika mpaka pakhonde la ofesi. "Mwachedwa, asambizgi," ankatero, osawonjezerapo kanthu. A Kamwendo ankadandaula kuti pa moyo wawo anagwirapo ntchito ndi oyendera sukulu ambiri, koma woyendera wosalandira malipiro, wosadwala, wosasamutsidwa, anamupeza ku Mzimba kokha.

Chodabwitsa china n'choti a Zgambo Chichewa sankayankhula. Kumva ankamva chonse, mpaka zining'a zimene ine mwini wake ndinkazisokoneza. Anthu ankati anaphunzitsa kuchigawo chapakati zaka zambiri, ndipo Chichewa chawo chinali chokoma kuposa cha eni ake. Koma chaka chija boma linalamula kuti aphunzitsi a kumpoto abwerere kwawo, lole itawatsitsa pa Mzimba boma ndi sutukesi ndi matiresi, Chichewa anachisiya m'lolemo. Ukawapatsa moni wa kwathu ankayankha kuti, "Yewo, nili makora," n'kukuyang'ana mwaulemu mpaka iweyo uchite manyazi. Chitumbuka changa ndinachiphunzira kwa iwo, mokakamizidwa.

Choncho anthu sankadziwa poti awaike. Achinyamata a ndale ankati mkuluyu ndi wotsalira wa boma lakale, taonani mmene amaimira njo nyimbo ya fuko ikamveka pa wayilesi ya m'golosale, mpaka wogulitsa kudikira ndi sopo m'manja. Ife obwera tinkati ayi, mkuluyu ali ndi chidani ndi dziko, n'chifukwa chake mawu a nyimboyo amawatsekera kunja kwa milomo. Iwo eni ankangonena kuti dzikoli amalikonda monga mwamuna amakondera mkazi amene anamupirikitsa: sam'patsa moni, koma akamva kuti wadwala tulo sabwera.

Chenicheni ndinachimva pa Mzimba boma, masana ena ine ndi a Zgambo tikudikira matola obwerera kumudzi, titakhala pamatumba a chimanga a munthu wina. Ndinatchula dera la kwathu, ndipo iwo anandifunsa ngati nkhungu imakhalabe paphiri la Dedza mpaka dzuwa kufika pamutu. Ndinavomera. Kenaka anayamba kufotokoza, m'Chitumbuka chosakaniza ndi Chingelezi, maso ali kumsewu.

Anakwatira kumeneko, mkazi wa Chichewa, ndipo anabereka mwana mmodzi wamkazi amene iwo anamutcha Lusungu. Lamulo lobwerera litafika, mwanayo anali atangoyamba sukulu. A Zgambo anafuna kutenga banja lawo, koma malume a mkaziyo anakana. Anawauza pabwalo kuti mkamwini asamakule mwendo, ana ndi a mbumba, sangapite kudziko la eni. Atafika kuno, abale awo anawafunsa kuti analowola ng'ombe zingati. Atayankha kuti kumeneko salandira ng'ombe, anawauza kuti ndiye mwanayo si wa pakhomo pano. A Zgambo anaseka pang'ono pamenepa. Anati pa moyo wawo wonse, imeneyi ndiyo nkhani yokhayo imene anaona kumpoto ndi pakati akugwirizana.

Zinthu zitasintha anapitako kamodzi. Anapeza mkaziyo anakwatiwanso n'kusamukira chakumalire, ndipo malume aja anawalandira ngati munthu wodzagula fodya. Anangowauza kuti mwana ali bwino, sukulu ikumuyendera, asavutike. A Zgambo anabwerera ndi mawu amenewo, ndipo anawasunga ngati mbewu.

"Sukulu zonse za dziko lino zimayimba nthawi imodzi, aNyaphiri," anandiuza. "Belu likalira kuno, kwalira ndi kumeneko. Iye amayimba mawu a pamwamba. Ndinamuphunzitsa ndine, ali pamiyendo panga. Ine ndimangoikako pansi pake. Ndikatsegula pakamwa sindingamumve."

Chiyambire tsiku limenelo tiyi wa a Kamwendo ndinayamba kudana naye ndine.

A Zgambo ankamukweza kalasi mwana wawo chaka ndi chaka. Sukulu zikatsegulira ankandiuza kuti chaka chino Lusungu ali fomu yakutiyakuti, ndipo ayenera kuti ndiye amayambitsa nyimbo, chifukwa khutu lake linali lakuthwa chibadwire. Zaka za sekondale zitatha m'mutu mwawo, anamutumiza ku koleji ya aphunzitsi. Kenaka anamupatsa sukulu yakeyake, penapake pamene pali phiri ndi nkhungu, ataima kutsogolo kwa ana ake atavala juzi yobiriwira. Ankazinena mosakayika, mwakuti nanenso ndinayamba kumuona mtsikanayo. M'mawa wina nkhungu ikachuluka, ana athu osaoneka bwino, ndinkamva ngati mizere yawo yapitirira mpandawo, yawoloka dambo, yadutsa Jenda ndi Kasungu, ana okhaokha mpaka kwathu, onse pakamwa pali yasa nthawi imodzi.

Mkangano wa a Zgambo ndi a Shaba unabukira pomwepa. A Shaba anali wapampando wa komiti ya sukulu, mnzawo wa a Zgambo kuyambira ali anyamata ovina ingoma. Chaka china masankho atatha, mitima ili m'mwamba, komiti inabwera ndi ganizo loti ana aziyimba nyimbo ya fuko m'Chitumbuka. A Shaba anayankhula m'Chichewa kuti a Kamwendo amve bwino. "Ahedi, ise takhala tikuyimba m'chiyankhulo cha ŵanyithu zaka zinandi chomene. Mulungu Chitumbuka amamva. Mbwenu tiyeni timupemphe m'chathu." Anthu anawomba m'manja, ndipo kunena zoona mawuwo anali omveka. Aliyense anatembenukira kwa a Zgambo, munthu amene anazunzika ndi Chichewa kuposa onse, kuti atsindike.

A Zgambo anaimirira n'kunena kuti, "Yayi."

Kunali phokoso. A Shaba anawafunsa ngati lole ija anaiiwala. Wina kumbuyo anakuwa kuti mkuluyu anamudyetsa kondaine ku Dedza. A Zgambo sanafotokoze chilichonse, anangoti madzulo, kutchalitchi, paukwati, ayimbe m'chiyankhulo chilichonse, iwo adzathandiza kukonza mawuwo kuti akhale bwino pa nyimbo, koma ya m'mawa aisiye. Ine ndinkadziwa chifukwa chake. Mawu a Chitumbuka amene komiti inabweretsa anali otalikirapo, nyimbo inkakoka, ndipo pomaliza ife, kwinako akanakhala atalowa kale m'kalasi. Koma chinsinsi sichinali changa. Komiti inagwirizana kuti Chitumbuka chiziyimbidwa Lachisanu. A Zgambo Lachisanu ankabwerabe, koma besi yawo inkamveka ngati ya munthu amene akugogoda pakhomo akudziwa kuti eni ake anachoka. Ndi a Shaba anatha nyengo ziwiri za dzinja osapatsana moni, akukhala benchi imodzi kutchalitchi.

Lusungu ndinamupeza ndine, ndipo mpaka lero sindidziwa ngati ndinkafuna kuthandiza kapena ndinkangofuna kumuona mphunzitsi wa juzi yobiriwira uja. Pa tchuthi china ndili kwathu ndinafunsa amayi a kumpingo, iwo anafunsa anzawo, ndipo nkhani inayenda mpaka inandifikitsa pamsewu waukulu, pamene amayi amagulitsa mbatata ya kachewere m'ndowa. Anandilozera mayi wina woonda, wamtali, mwana kumsana. Dzina loti Lusungu panalibe amene ankalidziwa, onse ankati make Dalitso. Koma mapewa anali a a Zgambo.

Anavomera kubwera nane tchuthi chikatha, mwana uja anasiyira abale. M'basi, titadutsa Kasungu, anandiuza kuti sukulu anasiya chaka chomwe bambo ake anachoka. Malume anati palibe wogula yunifolomu, ndipo kudimba kunkafunika manja. Ndinayang'ana pawindo. Mitengo inkathamangira kumbuyo, ndipo ndinalakalaka basiyo itafa panjira.

Tinafika dzuwa likupendeka. A Zgambo anatuluka atavala tayi. Anamuyang'ana mwana wawo kuyambira kumutu mpaka ku masilipasi, ndipo chimene chinatuluka pakamwa pawo chinali chakuti, "Monire, mwana wane." Lusungu anandiyang'ana. Ndinamasulira. Anagwada n'kunena kuti, "Ndili bwino, ababa, kaya inu?" Iwo anayankhanso m'Chitumbuka. Madzulo onsewo ndinakhala pakati pa bambo ndi mwana wake ngati womasulira wa kukhoti, kunyamula mawu kuchoka pampando kupita pamphasa. Ndikukhulupirira kuti sikunali kuuma mtima. Ndinkaona akufunafuna mawu a Chichewa, koma chitseko chimene chakhala chotseka zaka zambiri sichitseguka tsiku limene wachifuna. Za sukulu sanafunse. Anangomuuza kuti mawa m'mawa apite nawo kumpanda.

Lusungu anagona kwanga. Akuyala mphasa anandiuza kuti, "Aphunzitsi, ine mawa ndibwerera. Munthu amene ankandiyimbira m'chiyankhulo changa lero akundiyankhula ngati ndine wodzapempha mchere. Ngati anatikwiyira, anakwiyira ndi ine ndemwe. Ndinalakwa chiyani ine, kamwana?" Ndinamupempha kuti angodikira belu, galimoto za ku Jenda sizithawa.

Kunacha ndi nkhungu yoti munthu sungaone chala chako. A Kamwendo tsiku limenelo tiyi anamusiya pakati, ndinawapempha ndine. Ine sindinaime ndi ana anga, ndinaima chapafupi ndi mpata uja. Awiriwo anafika, mkulu patsogolo, mwana pambuyo, kachikwama ka ulendo kali kale m'manja. Limu inalira. Ana anayamba. A Zgambo anachotsa chipewa, anatseka maso, besi inayamba kubuula, mutu ataupendeketsa pang'ono kumbali imene kunali mwana wawo.

Lusungu anayesa. Mzere woyamba anaupeza, ndi mawu aang'ono, okoma, a munthu wosazolowera kumveka. Pa mzere wachiwiri anapunthwa. Anabwereza mawu amene anali atayimba kale, kenaka anangotsala akuyendetsa milomo, kenaka anaweramitsa mutu. Mwana wa sitandade wani aliyense pabwalopo ankaidziwa nyimboyo kuposa iye.

Besi inaleka. Zaka zonsezo ndinali ndisanaimvepo ikuleka pakati, ndipo ana ena anatembenuka. A Zgambo anatsegula maso n'kuyang'ana manja a mwana wawo, manja a khasu, ong'ambika m'mphepete mwa zala. Ndinaona sekondale ija, koleji ija ndi juzi yobiriwira ija zikuchoka pankhope pawo chimodzichimodzi. Ndinachita mantha kuti agwa.

Sanagwe. Anaweramira kukhutu kwa mwana wawo n'kumuuza mawu a mzere wotsatira, msangamsanga, nyimbo isanafikepo, monga amachitira woyambitsa nyimbo kutchalitchi kwa anthu opanda buku. Chinali Chichewa. Chichewa cha ku Dedza chenicheni, chofewa, cha kumapiri, chimene ine ndinali nditayamba kuchiiwala. Kenaka anasiya besi yawo n'kukwera pamwamba, pa mawu a ana, ndi liwu la nkhalamba long'ambika, kuti mwanayo apeze pogwira. Lusungu anagwira. Ana athu anamaliza n'kuyamba kulowa m'makalasi, koma awiriwo anali m'mbuyo ndi mzere wathunthu, ndipo anaumaliza okha, pang'onopang'ono, m'nkhungu muja. Ine ndinalira, osabisa.

Atamaliza, a Zgambo anafunsa, m'Chichewa chomwecho, "Nanga zaka zonsezi ndimayimba ndi yani, mwana wanga?"

Lusungu anaika kachikwama pansi. "Dimba lathu linali kumunsi kwa sukulu, ababa. Belu ndinkalimva. Akayamba kuyimba ndinkaimika khasu."

Kaya zinali zoona, kaya anangowamvera chisoni bambo ake, sindinamufunse ndipo sindidzamufunsa. Sanapite ku Jenda tsiku limenelo. Anakhala mpaka mbatata za kwawo zinamuitana, ndipo kuyambira pamenepo ankabwera chaka chilichonse akakolola. A Zgambo ankayankhula naye Chichewa mpaka nkhunda kulowa m'khola, ndi adzukulu awo chimodzimodzi. Ife ena tonse, ine ndemwe amene ndinapita kukamutenga, tinabwezeredwa ku "yewo, nili makora" mpaka tsiku lawo lomaliza. Ndinawafunsapo chifukwa chake. Anati iwo anakhululukira mwana wawo, amene sanalakwe, ndipo za enawo akuganizabe.

Pamaliro pawo panabuka kankhani. Achibale ena ananong'ona kuti Lusungu, mayi wa ku Dedzayo, akhale ndi alendo, poti ng'ombe sizinapite. Amene anaimirira anali a Shaba, ndodo ili m'manja. "Mwana uyu ngwa pano," anatero. "Ng'ombe zake adada ŵake analipira ndi miyendo, m'mawa uliwonse, ise tonse tikuona. Mbwenu nkhani yamala." Sindikudziwa kuti chinsinsicho anawauza ndani, kapena anachidziwa liti. Lusungu anakhala m'nyumba ya maliro pamodzi ndi alongo a malemu, ndipo kumanda dothi loyamba anaponya ndiye.

Mpata uja ulipobe. Ahedi atsopano akufuna kubzalapo khonje chifukwa mbuzi zayamba kulowerapo, ndipo sindingawatsutse, mbuzi n'zoonadi. Pansi pake pali malo olimba ngati pakhonde lozira, pamene udzu sunamerebe ngakhale mvula yagwa dzinja lathunthu. Kangaude wamangapo ukonde kuchoka kutsamba lina kufika kulina, ndipo m'mawa umagwira mame. Nyimbo masiku ano imathamanga, ndi yopepuka, ilibe pansi. Koma a Zgambo ankakonda kukoka liwu lomaliza pang'ono kupitirira ana onse, ndipo ana anazolowera kudikira kuti lithe asanasunthe phazi. Mpaka lero nyimbo ikatha bwalo lonse limaima chete kwa kamphindi, ngakhale a sitandade wani amene sanawaonepo, nkhope zitapenya kutsogolo, kudikira kuti munthu wina amalize.